Mtsutso: Kodi katswiri wa kafukufuku wa zaumoyo timuyeze ndi mapepala ake?

M'chaka cha 1989 magazini ya madokotala ya ku Britain yotchedwa Quarterly Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 131 a kuno kwathu amene anafika nawo kuchipatala ali chikomokere chifukwa cha malungo aakulu. Olemba ake anali anayi: a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor, a Jack Wirima ndi Dokotala Borgstein. M'pepalalo munali njira yachidule yodziwira kuti mwana wakomoka kufika pati. Njira imene inalipo kale, ya ku Glasgow ya m'chaka cha 1974, imafuna kuti wodwala ayankhe mafunso ndi kuchita zimene wauzidwa, chonsecho mwana wa chaka chimodzi sanayambe n'kuyankhula komwe. Njira yatsopanoyi, ya ku Blantyre, imangoyang'ana zinthu zitatu. Namwino amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake. Kenako amamutsindika pachifuwa ndi mfundo za zala kapena kumufinya chikhadabo, n'kuona ngati akankhe dzanja lomupwetekalo, ngati angobweza mkono, kapena ngati akhale osagwedezeka. Chachitatu amamvetsera kulira: kulira kwenikweni, kubuula chabe, kapena zii. Mapointi onse ndi asanu. Mwana akapeza awiri kapena kuchepera apo, aliyense m'wodimo amadziwa kuti zavuta ndipo palibe kudikira.

Njirayi lero imadziwika ndi dzina loti Blantyre Coma Score ndipo ili m'malangizo a bungwe la WHO a kasamalidwe ka malungo oopsa. Pepala la 1989 lija latchulidwa m'mapepala ena mazanamazana, ndipo a Molyneux, amene anatisiya m'chaka cha 2021, dzina lawo lili pa mapepala a kafukufuku mazana angapo. Palibe amene amakaikira kuti anali katswiri. Pamene anthu amasiyana m'pa muyezo wake. Ena amati umboni wa ukatswiri wa munthu wotere ndi chiwerengero: mapepala angati, atchulidwa kangati. Ena amati chiwerengerocho chimasocheretsa, ndipo m'dziko ngati lathu chingathe kuwononga ndithu.

Kawerengedwe kake n'kosavuta kumvetsa. Wofufuza aliyense akalemba pepala amaika kumapeto mndandanda wa mapepala a anzake amene watengamo nzeru. M'chaka cha 1964 Eugene Garfield wa ku America anayambitsa kaundula wowerenga kuti pepala lililonse latchulidwa kangati. M'chaka cha 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku California, anaphatikiza kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake kukhala nambala imodzi yotchedwa h-index. Munthu wa h-index ya 30 ndiye kuti ali ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. Masiku ano aliyense wokhala ndi foni ya intaneti angatsegule Google Scholar n'kuona nambala ya pulofesa aliyense, ndipo m'mayunivesite ambiri padziko nambala zoterezi zimalowa m'zokambirana za kulemba ntchito, kukweza anthu ndi kugawa ndalama za kafukufuku.

Okhulupirira chiwerengero ali ndi mfundo imene ine sindingainyoze ngakhale pang'ono. Amati nambala ilibe m'bale. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo ophunzira kwambiri onse amadziwana. Pa komiti yokweza anthu pamakhala wina amene anaphunzira limodzi ndi bambo a wopemphayo, wina amene amapemphera naye mpingo umodzi, wina amene amayamba wafunsa kuti kwawo n'kuti asanaone zimene walemba. Mtsikana wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa, wopanda womulankhulira, chimene angaike patebulo osachita manyazi ndi mapepala ake ndi umboni woti akatswiri a ku Kenya, ku India ndi ku Brazil amene sanamuonepo agwiritsa ntchito zimene iye anapeza. Mukachotsa nambala, amatero a mbali imeneyi, chotsala ndi maganizo a akuluakulu, ndipo tonse tikudziwa mmene maganizo a akuluakulu amapendekera.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yokhudza chikumbumtima. Kafukufuku wa zaumoyo amachitidwa pa matupi a anthu. Mayi amalola kuti mwana wake atengedwe magazi, agogo amayenda mtunda kukaonedwa mwezi ndi mwezi, onse atauzidwa kuti zimene zipezeke zidzathandiza ena. Zotsatira zikangokhala m'kabati, lonjezo lija lasweka. Chitsanzo cholemera kwambiri chilinso ku Blantyre komweko, pa chipatala cha Gulupu. Kwa zaka zingapo a Taylor ndi anzawo ankapempha makolo amene angotaya kumene mwana kuti alole thupi lipimidwe. Aliyense wodziwa mmene timalemekezera maliro angamvetse kukula kwa pempho limenelo, ndi kukula kwa mtima wa makolo amene anavomera. Zotsatira zinatuluka mu Nature Medicine m'chaka cha 2004: mwa ana 31 amene madokotala anati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena, ndipo chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa chinali zizindikiro zooneka mkati mwa diso. Patapita zaka 11, gulu la ku Blantyre lomwelo, pogwiritsa ntchito makina ojambula ubongo a MRI, linaonetsa mu New England Journal of Medicine kuti ana ambiri amene amafa ndi nthendayi ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri. Pepala la 2015 linatsamira pa la 2004, la 2004 linatsamira pa la 1989. Kutchulana kwa mapepala ndiko kumasonyeza kuti nzeru yayenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina, ndipo pepala limene palibe walitchulapo kwa zaka makumi awiri liyenera kutidetsa nkhawa.

Kenako pali ndalama. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linayamba m'chaka cha 1995 a Molyneux ali mtsogoleri wake woyamba, silikanakula popanda mbiri ya mapepala odalirika, chifukwa opereka ndalama za kafukufuku amayang'ana zimene munthu anatulutsa kale. Mbiri imeneyo ndi imene inabweretsa kafukufuku wa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, amene anaonetsa m'chaka cha 2021 kuti katemerayo amateteza ana oposa 80 mwa 100 alionse, ndipo m'chaka cha 2023 boma linamupereka m'dziko lonse. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mbali ina anachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anapeza m'chaka cha 2011 kuti munthu akayamba msanga ma ARV chiopsezo chopatsira mnzake kachilombo ka HIV chimatsika ndi 96 pa 100. Pepala limenelo latchulidwa kambirimbiri, ndipo linasinthadi kaperekedwe ka mankhwala padziko lonse. Nthawi zambiri, amatero a mbali iyi, kutchulidwa kwambiri ndi kuthandiza anthu zimayendera limodzi.

Zonsezi n'zoona. Komatu a mbali inayo nawo sakulota.

Choyamba amakumbutsa kuti kutchulidwa sikutanthauza kuvomerezedwa. Pepala la Andrew Wakefield la m'chaka cha 1998 mu The Lancet, lonena za ana 12 okha, linafalitsa mantha oti katemera wa chikuku amasokoneza ubongo wa ana. Linachotsedwa m'chaka cha 2010 ndipo mwini wake analandidwa chilolezo cha udokotala, koma latchulidwa kochuluka zedi, chifukwa aliyense wolitsutsa amayenera kulitchula. Makina owerenga sasiyanitsa woyamikira ndi wodzudzula. Ku Japan, dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni Yoshitaka Fujii anapezeka m'chaka cha 2012 kuti anapeka zotsatira m'mapepala oposa 170. Kwa zaka pafupifupi 20 chiwerengero chake chinkaoneka chosiririka. Kudalira nambala yokha kuli ngati kuwerenga matumba a chimanga mosungira popanda kumasula ngakhale limodzi kuti uone ngati anankafumbwe sanalowemo.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi n'chachikulu, ndi funso loti amatchula ndani. Pepala limatchulidwa ndi ofufuza ena, ndipo ofufuza amachuluka kumene kuli ndalama. Wolemba za khansa ya m'mawere kapena matenda a mtima ali ndi anzake zikwizikwi ku America, ku Ulaya ndi ku China amene angamutchule chaka chomwecho. Wolemba za kaodzera wa ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, za likodzo la ana osambira m'nyanja ku Mangochi, kapena za anthu olumidwa ndi njoka m'minda, ali ndi anzake owerengeka padziko lonse. Achite kafukufuku wabwino chotani, nambala yake idzakhala yaing'ono. Pepala limene magazini ya Nature inapeza m'chaka cha 2014 kuti ndilo lotchulidwa koposa onse, kopitirira ka 300,000, ndi la Oliver Lowry la m'chaka cha 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni mu labu. Ndi lothandiza, koma palibe amene anganene kuti limaposa ntchito zonse za sayansi. Vuto lenileni limaoneka pa wachinyamata wanzeru amene wangomaliza digiri ndipo akusankha choti afufuze. Akaona kuti kukwezedwa kumatsata nambala, adzasankha mutu umene anthu akunja akuukonda chaka chimenecho, ndipo matenda a kwathu adzakhala opanda wowafufuza. Sitingamudzudzule mwanayo. Muyezo ndi umene wamulozera njira.

Chachitatu, anthu amene amagwiritsadi ntchito nzeru za zaumoyo salemba mapepala. Namwino wa ku Ntcheu amene wayeza kukomoka kwa mwana usiku wapitawu sanawonjezere kanthu pa h-index ya a Molyneux, ndipo mwina dzina lawolo salidziwa. Nzeru ikalowerera m'ntchito ya tsiku ndi tsiku, anthu amasiya kutchula mwini wake. Taganizani ntchito ya a Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana. Kale ana obwera kuchipatala ankaonedwa motsatira mzere, woyamba kufika ndiye woyamba kulowa, moti mwana wobanika kupuma ankatha kutsirizika kumsana kwa mayi ake kumapeto kwa mzerewo pamene wa chimfine ali m'chipinda cha dokotala. Pa Gulupu anasintha kachitidwe: namwino wophunzitsidwa amayamba wayang'ana mwana aliyense pakhomo n'kuwagawa m'magulu atatu, wofunika thandizo pompopompo, wofunika kuonedwa msanga, ndi wotha kudikira. Lipoti la m'chaka cha 2006 linaonetsa kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8 pa 100. Njirayi, yotchedwa ETAT, WHO inaifalitsa kumaiko ambiri. Ana amene ali moyo chifukwa cha iyo palibe kaundula wa mapepala amene amawawerenga.

Nkhani ya Option B+ ndi yoonekeratu kuposa apa. Chisanafike chaka cha 2011, mayi woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ka HIV ankayenera kuyezedwa chitetezo cha m'thupi, CD4, kuti adziwe ngati ayambe ma ARV. Makina oyezera anali m'zipatala zochepa, magazi ankachedwa panjira, zotsatira zinkabwera mayi atabereka kale kapena atasiya kubwera kusikelo. Akuluakulu a ku Unduna wa Zaumoyo, amene ankayendera zipatala ndi kuwerenga makaundula miyezi itatu iliyonse, anaona kuti malangizo olembedwa ku Geneva sakugwira kumudzi. Anagamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndipo asadzasiye. Malawi ndiye anali woyamba padziko kuchita zimenezi. Amayi oyamba mankhwala pa miyezi itatu anakwera kuchoka pa 1,257 chapakati pa 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala 2012, ndipo m'chaka cha 2013 WHO inalangiza maiko ena kutsatira. Ntchito yaikulu ya anthu amene anachita zimenezi inali kulemba malangizo a chithandizo, kuphunzitsa anamwino ndi kuonetsetsa kuti mankhwala afika. Zonsezo pa Google Scholar sizioneka. Chimodzimodzi LA amene timamwa tikadwala malungo kuyambira 2007: gwero lake ndi mankhwala amene Tu Youyou ndi anzake anapeza ku China, ndipo atawalengeza koyamba m'chaka cha 1977 panalibe dzina la munthu aliyense pa pepalalo. Mphoto ya Nobel inamupeza mayiyu m'chaka cha 2015 ali ndi zaka 84.

Pomaliza otsutsawa amanena za machenjera. Nambala ikasanduka chiphaso chokwerera, anthu amaphunzira kuikulitsa. Kafukufuku mmodzi amadulidwa kukhala timapepala tinayi. Anzako amakuika dzina pa pepala lawo kuti nawe udzawaike pa lako. Pali magazini a pa intaneti amene amasindikiza chilichonse bola ulipire. Pali mapepala a olemba mazana angapo, pamene aliyense amalandira kutchulidwa konse ngati analemba yekha. Ndipo pali nkhani imene ofufuza a mu Africa akhala akuidandaula poyera: pa kafukufuku wochitikira kuno, dzina loyamba ndi lomaliza, amene ndiwo malo aulemu, kawirikawiri amakhala a alendo, eni dziko ali pakati, pamene namwino ndi mlangizi wa zaumoyo amene anayenda khomo ndi khomo m'matope sapezeka n'komwe. Dokotala amene wathera m'mawa wonse m'wodi ndi ophunzira khumi kumbuyo kwake, kuwaonetsa kamvedwe ka chifuwa cha mwana, madzulo sakhala ndi mphamvu zolembera pepala. Mnzake amene anasiya kuona odwala amamupitirira pa nambala. M'dziko losowa madokotala ngati lino, muyezo umene umalipira kuchoka pa bedi la wodwala uyenera kutichititsa mantha.

Okhulupirira chiwerengero ali ndi yankho, ndipo n'lomveka. Amafunsa kuti phindu kwa odwala muliyeza bwanji. Aliyense angathe kuima n'kunena kuti ntchito yake yapulumutsa miyoyo, ndipo wodziwa kuyankhula ndi amene angapambane. Amakumbutsanso kuti wofufuza wa mu labu, amene akusanthula majini a kachilombo ka malungo, sangaloze wodwala amene wamuchiritsa chaka chino, koma mankhwala a zaka 20 zikubwerazi adzachokera kwa iye. Kumufunsa kuti wasintha malangizo ati a Unduna n'kumulakwira. Apa ndikuvomerezana nawo, ndipo n'chifukwa chake sindili m'gulu la amene amati nambala zitayidwe.

Maganizo anga ndi awa. Wofufuza amene sasindikiza zotsatira zake alibe chodzitetezera, ndipo yunivesite ili ndi ufulu wonse womufunsa kuti mapepala ali kuti. Chiwerengero cha kutchulidwa chionedwe, makamaka poyerekeza anthu ofufuza nkhani zofanana. Koma chigamulo chisachokere pamenepo. Dziko la sayansi lenilenilo linayamba kale kubwerera m'mbuyo pa nkhaniyi: m'chaka cha 2012 akonzi a magazini ndi akatswiri anakumana ku San Francisco n'kugwirizana mfundo zotchedwa DORA, zoti ntchito ya wofufuza iyezedwe pa zimene zili m'katimo osati pa kutchuka kwa magazini imene yatulukamo, ndipo bungwe la Wellcome, limene limathandiza kafukufuku wambiri ku Blantyre, linasainira mfundozo. Zingakhale zomvetsa chisoni ife kukakamira muyezo umene eni ake akuusiya.

Njira yoteteza ku kukondera ilipo popanda kugonjera nambala imodzi. Wopempha kukwezedwa asankhe yekha mapepala ake asanu amene amawadalira, ndipo akatswiri a kunja kwa sukuluyo, osadziwana naye, awawerenge ndithu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pa lililonse alembe chimene iye anachita ndi manja ake: kodi funso linali lake, kodi ndiye anasanthula zotsatira, kapena anangopereka magazi a odwala ake. Akanena kuti ntchito yake inasintha chithandizo, abweretse buku la malangizo la Unduna kapena la WHO, chaka chake ndi tsamba lake. Akanena kuti waphunzitsa ofufuza, atchule amene anamaliza digiri pansi pa iye ndi kumene ali lero. Umenewu ndi umboni wogwirika, wovuta kupeka kuposa h-index. Wa mu labu ayezedwe ndi anzake a mu labu, wa m'wodi ndi anzake a m'wodi. Ndipo pepala labwino lotuluka mu Malawi Medical Journal, limene dokotala wa pa boma angaliwerenge ulere n'kusintha kachitidwe kake sabata yomweyo, lisaonedwe ngati lachabe poliyerekeza ndi lotuluka ku London limene dzina la Mmalawi lili pa nambala 14.

Ndikayang'ana moyo wa a Malcolm Molyneux, chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi anthu amene anawasiya. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa m'chaka cha 1991 dziko lili ndi madokotala a Chimalawi owerengeka, ndipo ambiri mwa amene lero akutsogolera kafukufuku ku Blantyre anadutsa m'manja mwa m'badwo wa aphunzitsi umenewo. Kulera wofufuza mmodzi kumadya zaka zimene munthu akanalemba mapepala ambiri. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inaima payokha m'chaka cha 2021, ikadali yaing'ono moti ingathe kudziikira miyambo yake isanaume mutu, ndipo mayunivesite ena athu ali ndi mwayi womwewo.

Pempho langa likupita kwa a m'makomiti okweza anthu, kwa a Unduna wa Zaumoyo, ndi kwa atolankhani amene amalemba mitu ikuluikulu nthawi iliyonse Mmalawi akaoneka pa mndandanda wa akatswiri otchulidwa kwambiri. Sangalalani naye, pakuti wagwira ntchito. Koma musanamutche woposa onse, mufunseni kuti anafufuza chiyani, funsolo linachokera kwa yani, chasintha n'chiyani m'chipatala cha kwanu, ndipo waphunzitsa angati. Mukatero mufunefunenso dokotala ndi namwino amene nambala zawo n'zazing'ono koma wodi yawo inasiya kutaya ana, ndipo nawonso muwalembe.